Simba: Dzina Limodzi, Maulendo Ambiri

Mwana wa masiku ano akamva mawu oti Simba, m'maso mwake mumabwera kamwana ka mkango ka pa kanema. Agogo ake akamva mawu omwewo amakumbuka msasa wa kuthengo kumene anyamata amavinidwa. Wokonda mpira amaganiza za timu yovala zofiira ya ku Dar es Salaam. Koma nkhalamba ya mu mzinda wa Kisangani ku Congo ikamva dzinali imagwetsa nkhope pansi. Palibe wonama pakati pa anthu anayiwa. Dzinali ndi lalifupi, koma layenda maiko ambiri, ndipo kulikonse kumene lafika lasenza katundu wosiyana. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, choncho ndi bwino kulifunsa dzinali kumene lachokera ndi kumene lapita.

M'Chichewa, kusimba ndi kufotokoza zimene munthu waona kapena wakumana nazo. Wobwera ku ulendo amasimba za ulendo wake, wokolola zochuluka amasimba lokoma, ndipo amene mbewu zake zapita ndi madzi amasimba tsoka. Palinso simba wina, amene ndi malo. Kumadera a Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba, anthu akamati ana ali ku simba amatanthauza kuti ali kumsasa wa chinamwali, kumene amalangizidwa mwambo nyengo ya chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe. Pakati pa Achewa, nyumba imene namwali amabindikiritsidwamo pomulangiza imatchedwa tsimba. Chodabwitsa n'chakuti mawu awiriwa amakokerana kosiyana: woyamba amatsekula pakamwa, wachiwiri amatseka, pakuti za ku simba sasimba kwa osavinidwa.

Tikawoloka mtsinje wa Zambezi kulowa m'dziko la Zimbabwe, tanthauzo lisintha. M'Chishona simba ndi mphamvu. Makolo akamutcha mwana Simbarashe amakhala akunena za mphamvu ya Ambuye, ndipo anzake amangodula n'kumamuitana kuti Simba. Wodziwika kwambiri mwa otchedwa motero ndi Simba Makoni, amene anakhala mlembi wamkulu wa bungwe la maiko a kumwera kwa Africa kuyambira mu 1984, nakhala nduna ya zachuma ya Zimbabwe kuchokera mu 2000 mpaka 2002. Mu 2008 anapikisana nawo pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko, ndipo anakhala wachitatu pambuyo pa Morgan Tsvangirai ndi Robert Mugabe.

Koma tanthauzo limene lafalikira dziko lonse lapansi ndi la Chiswahili, m'mene simba ndi mkango. Aswahili anafika m'mbali mwa nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1800. Jumbe anakhazikika ku Nkhotakota ndipo Mlozi anamanga malinga ake ku Karonga, kumene anagonjetsedwa mu 1895. Chichewa chinabwereka mawu angapo ku Chiswahili, monga bwana ndi ndege, koma simba wa mkango sanalowe, chifukwa mwini nkhalango anali kale ndi dzina lake.

Ku Kenya dzinali linakhala dzina la malo. Angerezi anayamba kumanga njanji ku Mombasa mu 1896, ndipo inafika pa nyanja ya Victoria mu 1901. Mu 1898 mikango iwiri inavutitsa kwambiri omanga mlatho wa njanji pa mtsinje wa Tsavo, kuwagwira usiku m'mahema mwawo, kufikira John Henry Patterson anaiwombera mu Disembala chaka chomwecho. Pa njanji yomweyo, munthu asanafike ku Nairobi, pali siteshoni imene inatchedwa Simba, umboni wakuti chigwa chimenecho chinali cha mikango sitima isanabwere.

Mbiri yowawa ya dzinali ili ku Congo. Dzikoli linalandira ufulu pa 30 Juni 1960, koma nduna yake yaikulu yoyamba, Patrice Lumumba, inaphedwa mu Januwale 1961. Omutsatira sanaiwale. Mu 1964 kummawa kwa dzikoli kunabuka chipanduko chotsogozedwa ndi Gaston Soumialot, Christophe Gbenye ndi Nicolas Olenga, ndipo ankhondo awo anadzitcha Asimba, kutanthauza mikango. Ambiri mwa iwo anali achinyamata a kumidzi, ena ana enieni, onyamula mikondo, mauta ndi zikwanje. Asing'anga ankawatemera mphini ndi kuwawaza madzi a mankhwala, n'kuwauza kuti zipolopolo za adani zidzasanduka madzi malinga asunge miyambo imene apatsidwa. Poyamba asilikali a boma nawonso anakhulupirira zimenezi, moti m'malo ambiri ankathawa asanamenyane. Mu Ogasiti 1964, patangotha mwezi umodzi Malawi atalandira ufulu, Asimba analanda mzinda wa Stanleyville, umene lero ndi Kisangani, nakhazikitsako boma lawo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iwo amene anadza ngati omasula anthu anayamba kupha akalaliki a boma ndi anthu ophunzira, powaganizira kuti ali kumbali ya adani. Anagwiranso azungu ambiri, kuphatikizapo amishoni, n'kuwasunga ngati chikole. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Moïse Tshombe, inalemba ganyu asilikali achizungu, ndipo pa 24 Novembala 1964 asilikali a ku Belgium anatsika ndi maambulera pa Stanleyville kuchokera m'ndege za Amereka. Ogwidwa ambiri anapulumutsidwa, ena anaphedwa tsiku lomwelo. Ndipo anyamata aja, amene anauzidwa kuti ndi mikango, anagwa ambirimbiri pamaso pa mfuti zenizeni. Che Guevara anawoloka nyanja ya Tanganyika mu 1965 kukathandiza otsala, koma anabwerera chaka chomwecho atagwa mphwayi. Mmodzi wa atsogoleri amene anakumana nawo, Laurent-Désiré Kabila, ndiye anadzachotsa Mobutu pampando mu 1997. Pa nthawi imeneyo ngakhale timu ya mpira ya dzikolo inasiya dzina la Akambuku n'kutchedwa Simba kwa zaka zingapo, kenako inabwerera ku dzina lake lakale.

Pa bwalo la mpira dzinali lili ndi mbiri yosangalatsa. Timu ya Simba ya ku Dar es Salaam inayamba mu 1936, ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina lobwereka ku England loti Sunderland. Mu 1971, Tanzania ili pakalikiliki kukweza Chiswahili pansi pa Julius Nyerere, timuyi inavula dzina lachilendo n'kuvala lakwawo. Ikakumana ndi Young Africans, mzinda wonse umagawikana pawiri. Mu 2025 inafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha CAF Confederation Cup, koma inagonja kwa RS Berkane ya ku Morocco. Amalawi amaidziwa bwino, pakuti Peter Banda anakaisewerera kuyambira mu 2021, ndipo mu 2022 inatulutsa Nyasa Big Bullets mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Nakonso ku Kenya timu ya dziko ya masewero a rugby imatchedwa Simbas, pamene woyimba wa ku Tanzania Diamond Platnumz amadzitcha yekha Simba. Ku South Africa, ana akamva dzinali amaganiza za tchipisi ta m'mapaketi tokhala ndi chithunzi cha mkango.

Opanga mafilimu analikonda dzinali kalekale. Mu 1928 Martin ndi Osa Johnson anatulutsa filimu ya nyama zakuthengo yotchedwa Simba. Mu 1955 ku Britain kunatuluka ina ya dzina lomweli, yonena za nkhondo ya Mau Mau ku Kenya monga momwe atsamunda ankaionera. Koma imene inafikitsa dzinali m'nyumba iliyonse ndi The Lion King ya kampani ya Disney, ya mu 1994, imene inapangidwanso mwatsopano mu 2019. Olemba nthanoyo sanavutike kufuna dzina: mwana wa mkango anangomutcha Mkango, ndipo nyani wanzeru anamutcha Rafiki, kutanthauza bwenzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ana ambiri lero amayesa kuti dzinali linabadwira ku Amereka, osadziwa kuti linangopita kukacheza. Mwana amene adziwa Simba wa pa kanema yekha sangamvetse chifukwa chimene agogo ake amatsitsira mawu akamatchula simba wa kuthengo, ngakhale chifukwa chimene mlendo wochokera ku Congo sangaseke pomva dzinali. Dzina silipatsa munthu chimene limatanthauza. Anyamata a ku Stanleyville anatchedwa mikango, koma khungu lawo linakhalabe la munthu. Mdzukulu wofuna kupatsa mwana wake dzina limeneli achite bwino kuyamba wakhala pansi ndi akuluakulu a kwawo, amusimbire.