Timatayala ta m'mbali pa njinga ya mwana wamkulu: zomwe muyenera kudziwa musanagule

Mng'ono wanga ali ndi zaka 12, ndipo anabadwa ndi vuto la muubongo lomwe achipatala amati cerebral palsy. Amayenda, kusukulu amapita, miyendo mphamvu ilimo. Kupalasa amatha, chomukanika n'kukhazikika pa matayala awiri. Ali wamng'ono nkhani inali yophweka: kanjinga kake kanali ndi timatayala tiwiri ta m'mbali, tija pa katoni amalemba kuti stabilisers kapena training wheels. Atakula mpaka mawondo kumagunda mahandulo, tinamugulira njinga ya mainchesi 24. Mavuto anayambira pomwepo.

Poyamba dziwani saizi ya njinga yanu. Yang'anani m'mbali mwa tayala, pamakhala manambala ngati 20 x 1.75 kapena 24 x 1.95. Nambala yoyambayo ndiye saizi. Timatayala tomwe timagulitsidwa m'mashopu a njinga nthawi zambiri n'ta mainchesi 12 mpaka 20, ta ana ang'onoang'ono. Ta 24 kapena 26 ndinazungulira nato Limbe yense osatipeza. Wogulitsa wina anati, "Achimwene, ta 20 tomweti tikwana, mungotitsitsa pansi basi." Ndinagula. Sabata isanathe kachitsulo ka kumanzere kanapindika, mwana anagwa n'kusupuka chigongono, ndipo kwa mwezi wathunthu sankafuna n'kuyandikira komwe njingayo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Njinga ikakula, ekiselo ya kumbuyo imakhala patali ndi nthaka, ndiye kachitsulo kogwira katayala kamayenera kutalika. Chitsulo chikatalika chimapindika msanga. Onjezanipo kuti wokwerayo ndi wolemera ndipo wakhala m'mwamba. Komanso mwana wamba amatsamira timatayalati apo ndi apo pamene akuphunzira, pomwe mwana ngati mng'ono wangayu amatsamira ndi thupi lonse, tsiku lililonse, mwina kwa zaka. Ndiye funso si saizi yokha ayi. Funsani kuti tinganyamule makilogalamu angati.

Timatayala toyenera timagwira njinga malo awiri: pa ekiselo, komanso pa felemu, pa chitsulo chija chochokera pa mapedulo kupita ku tayala la kumbuyo. Tikagwira pa ekiselo pokha timazungulira n'kuthawira kumbuyo. Matayala ake akhale opopa, osati a pulasitiki. A pulasitiki aja anapangira pa simenti. Mumchenga amatitimira, akakumana ndi kamwala amaima njii, mwana n'kupita kutsogolo. Akhalenso otalikirako ndi njinga kuti isagudubuke msanga.

Njinga nayonso ili ndi mbali yake. Yabwino ndi yopanda magiya, yomwe tayala la kumbuyo amamanga ndi manati, ndipo ekiselo yatsalako malo oti chitsulo chilowe natiyo n'kugwirabe bwino. Njinga zambiri za kaunjika zija za mapiri zili ndi magiya olendewera kumanja, omwe amatsekereza chitsulo, ndipo zina tayala lake limamangidwa ndi kachogwirira kongotsegula ndi dzanja. Zoterezo zimavuta kwambiri. Mukanakhala kuti simunagule njinga, ndikanati yambani mwaona zimenezi, mtundu wa penti pambuyo.

Kunja tilipo topangidwira ntchito imeneyi. Ku America kuli ta kampani ya Fatwheels, ndipo pa intaneti mukalemba kuti adult stabilisers mupeza tambiri. Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku UK, mutumizireni chithunzi cha ekiselo ndi manambala a pa tayala aja asanagule. Kuitanitsa nokha, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, kuphatikiza mtengo wotumizira ndi msonkho, mutha kulipira kuposa njinga yeniyeniyo.

Ife tinapita kwa owotcherera ku Ndirande. Tinatenga njinga, matayala awiri a mainchesi 12 ochokera ku kanjinga kakale kaja, ndi mwini wakeyo kuti amisiri amuone msinkhu. Apa mumvetse: musalole kuti awotcherere chilichonse pa felemu ya njinga. Moto umafooketsa chitsulo chopyapyala, komanso tsiku lina mudzafuna kuchotsa. Awotcherere chimango chakecho padera, amangirire ku njinga ndi mabawuti, ndipo abowole mabowo angapo kuti muzitha kukweza kapena kutsitsa.

Pomanga m'pamene ambiri amalakwitsa. Njinga ikaima chilili pamalo osalala, timatayala tonse tiwiri tisakanikize pansi. Pasiyeni kampata kochepa, koti chala chilowe movutikira. Tikagunda pansi mwamphamvu, pa kadzenje kalikonse tayala lalikulu limalendewera m'malere. Mwana amapalasa osayenda, ndipo choopsa n'choti buleki ya kumbuyo sigwiranso. Dziwaninso kuti njinga ya timatayala siyipendekera mkati pokhota ngati njinga wamba, choncho akakhota akuthamanga imamuponyera kunja. Malo otsetsereka, ngati ambiri a kwathu kuno, ayi ndithu. Chipewa choteteza mutu chisasowe, ndipo manati muziwakhwimitsa sabata iliyonse.

Chomwe ndikanayambira, koma ndinachita pomaliza, n'kufunsa a mafizo. Ku Blantyre kuno kuli a MAP ku Kachere, pafupi ndi chipatala cha Queens, ndipo zipatala zikuluzikulu zili ndi gawo la mafizo. Ana ena timatayala sitiwakwanira, amafunika njinga ya matayala atatu yokhala ndi chotsamira kumsana. Ena phazi limapulumuka pa pedulo, amafunika lamba. Ena vuto ndi dzanja, sangathe kufinya buleki. Kwa mwana wa Down syndrome, adokotala ayambe amuyeza khosi. Makolo a m'bungwe la PODCAM nawonso ndi ofunika kucheza nawo, chifukwa mwana wa wina akakula zipangizo zimatsala.

Mng'ono wanga pano amapalasa Loweruka lililonse pa bwalo la mpira la kusukulu kwawo, m'mawa anyamata asanabwere ndi mpira. Mwezi watha tinakweza timatayala bowo limodzi osamuuza. Anazindikira atazungulira kachiwiri, anandikalipira, kenako anapitiriza.