ST_Intersects

ST_Intersects ndi lamulo la m'chinenero cha SQL limene limayankha funso limodzi: kodi zinthu ziwiri zojambulidwa pa mapu zikukumana pena pake? Chinthucho chikhoza kukhala kadontho koimira chitsime, mzere woimira msewu kapena mtsinje, kapenanso poligoni, yomwe ndi chojambula chotsekeka choimira munda, boma kapena dziko. Zikakumana ngakhale pa kadontho kamodzi kokha, yankho limakhala true. Zikapanda kukumana, limakhala false. Lamuloli limapezeka mu PostGIS, pulogalamu yowonjezera pa PostgreSQL imene kampani ya Refractions Research ya ku Canada inatulutsa mu 2001, komanso mu MySQL ndi SpatiaLite. Tanthauzo lake linachokera mu muyezo wa Simple Features wa bungwe la Open Geospatial Consortium.

Kusiyana kwake ndi ST_Overlaps

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka. ST_Overlaps imafuna zambiri: zinthu ziwirizo zikhale za mtundu umodzi, zilowerane mbali ina, koma chilichonse chitsale ndi gawo kunja kwa chinzake. Malawi ndi Zambia amangogundana m'malire, choncho ST_Intersects ndi ST_Touches zimapereka true, pamene ST_Overlaps imapereka false. Lesotho ndi chitsanzo chovutirapo. Dzikoli lazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, koma poligoni ya South Africa ili ndi bowo pamalo pamene pali Lesotho. Motero ST_Contains imakana kuti Lesotho ali m'kati mwake, ngakhale maso amaona ngati alimo.

Izi zimatheka ngati malire anajambulidwa bwino. Mapu awiri ochokera kosiyana nthawi zambiri amaphonyana pang'ono, ndipo minda iwiri yoyandikana imatha kuoneka ngati yalowerana pamene pansi palibe mkangano uliwonse.

Mmene limagwirira ntchito

Kuyerekeza mapoligoni a makona zikwizikwi kumachedwetsa kompyuta. N'chifukwa chake PostGIS imayamba yazinga chinthu chilichonse ndi kabokosi ka makona anayi, n'kuona ngati timabokosito tikukumana. Pa ntchito imeneyi imagwiritsa ntchito index ya GiST ngati ilipo. Zokhazo zimene zadutsa pamenepa ndi zimene zimayesedwa mwatsatanetsatane.

Zinthu zonse ziwiri ziyenera kukhala ndi SRID imodzi, nambala yosonyeza njira yoyezera malo. Mwachitsanzo 4326 ndi ya WGS 84, imene GPS imagwiritsa ntchito. Manambalawa akasiyana, PostGIS imakana funsolo, ndipo chimodzi chiyenera kusinthidwa kaye ndi ST_Transform.