Kugulitsa Zofunika pa Madimba a Kuseli kwa Nyumba ku Highlands

M'mayadi ambiri a ku Highlands muli kadimba ka repu, matimati, anyezi kapena cibwabwa. Eni madimbawa amafuna mbande, manyowa, njira yothirira ndi munthu wowathandiza nchito. Amene afuna kupeza ndalama powagulitsa zinthu zimenezi ayenera kukumbukira mfundo ziwiri: ku Livingstone madzi ndi odula, ndipo mlimi wa m'tauni amagula pang'onopang'ono.

Dothi ndi madzi

Livingstone ali m'cigawo ca Zambia cimene cimalandira mvula yosapitirira mamilimita 800 pa caka. Dothi la malo ambiri ndi la mcenga, silisunga cinyezi, ndipo mu October bedi lothiriridwa m'mawa limauma dzuwa lisanafike pamutu. Madzi a pampopi ndi a SWASCO, ndipo kwa amene ali ndi mita, mtengo wake umakwera akamagwiritsa nchito ambiri. Cilala cimene boma linalengeza pa 29 February 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse cinabweretsanso kuzimazima kwa magetsi, motero ngakhale a zitsime za pampu anavutika. Conco katundu woyenda bwino kuno ndi amene amapulumutsa madzi.

Zimene mungakonze

Mbande ndizo zosavuta kuyamba nazo. Za repu zimakhala zokonzeka kuwokera pakatha milungu 3 kapena 4, za matimati milungu 4 mpaka 6. Repu amacita bwino m'nyengo yozizira, kuyambira May mpaka July. Kukatentha nsabwe zimamugwira, ndiye pamenepo konzani delele, impwa ndi bondwe.

Manyowa ndiwo mankhwala a dothi la mcenga. Zitosi za nkhuku zimapezeka kwa oweta mabroila, koma zaziwisi zimawotcha mbewu. Zisakanizeni ndi masamba ndi udzu, muziunjike, muzitembenuza, ziwole miyezi 2 kapena 3. Musadikire wogula thumba la makilogalamu 50. Monga mmene ufa umagulidwira m'mapamela, gulitsani manyowa pa meda kapena pa ndowa.

Palinso kuthirira kwa madontho: ndowa ya malita 20 yoikidwa pamwamba pafupifupi mita imodzi, ndi timapaipi tobowola tofika pa tsinde la mbewu iliyonse. Sikufuna magetsi. Koma timabowo timatsekeka, ndiye gulitsani pamodzi ndi nchito yoikira ndi ulendo umodzi wodzayang'ana. Anthu apanchito amalipiranso wodzathirira ndi kupalira kawiri pa mlungu. Nchito yotere ilipiridwe pa mwezi.

Kuika mtengo

Apa ndi pamene ambiri amagwera, cifukwa amangofunsa mtengo wa ku Maramba Market n'kutsitsako pang'ono. Tiyerekeze ndi thireyi ya mabowo 200. Manambalawa ndi acitsanzo cabe, inu muikepo anu. Mbewu K40, dothi lofesera K35, madzi K15, kutha kwa thireyi K10, nthawi yanu K50. Zonse K150. Mukagawa ndi 200, mbande imodzi ioneka ngati yakudyerani 75 ngwee. Koma sizimera zonse. Zikapulumuka 170, imodzi yadya pafupifupi 88 ngwee. Mukagulitsa pa K1, phindu ndi K20 basi, ndipo mukamapatsa mbasela imodzi pa mbande 10 zilizonse, pafupifupi lonse latha. Pa K1.50 mupeza K255, mbasela ndi kukambirana mtengo zipeza malo.

Zimene zimaiwalika kawirikawiri ndi madzi, ndalama ya wilibala kapena takisi, ndi nthawi ya mwini malonda. Kagulu ka amayi kapena ka acinyamata kakamagwira nchito pamodzi, maola a aliyense alembedwe m'buku, apo ayi mikangano idzabuka pa tsiku logawana.

Kugulitsa

Bedi lobiriwira pafupi ndi geti yanu limaitana ogula kuposa cikwangwani. Lembani maoda musanafese, wogula apereke theka kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo, kuti mbande zisakulire m'thireyi. Nkhongole kwa anansi ndi acibale ndi yovuta kukana. Ikani malire ndi tsiku lobweza, ndipo mulembe onse akuona.

Malo ogona alendo odzaona Mosi-oa-Tunya amagula ndiwo zamasamba, koma amafuna zofika mlungu uliwonse osaphonya. Dimba limodzi silingakwanitse. Wogulitsa mbande angathe kugwirizanitsa makasitomala ake kuti azibzala mosinthana masiku, iye n'kumasonkhanitsa zokolola.

Malamulo

Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku PACRA, ndipo cilolezo ca malo ogulitsira cimacokera ku Livingstone City Council. Wogulitsa mbewu za m'mapaketi amafunika laisensi ya SCCI, pomwe wa mankhwala ophera tizilombo amafunika ya ZEMA. Mankhwalawa asathiridwe m'timabotolo topanda cizindikiro, ngakhale wogula atapempha ocepa.