Asilikali Obwerako ku Nkhondo ndi Ntchito za Ukalaliki m'Boma

Munthu wochokera pa chilumba cha Chisi, akaoloka Nyanja ya Chilwa ndi kutsika padoko la Kachulu, amatsala ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 30 kuti afike ku Zomba. Pa nthawi ya atsamunda, Zomba lidali likulu la boma la Nyasaland komanso kwawo kwa gulu lankhondo la King's African Rifles, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902 ndipo anthu ankangoliti Keyala. Kambi ya asilikali ndi maofesi a boma zidali m'tauni imodzi, komabe kuchoka kukambi nkukakhala pampando wa kalaliki chidali chinthu chapatali kwa msilikali wamba.

Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ya 1914 mpaka 1918, yomwe makolo adaitcha nkhondo ya chiwaya, amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino adalembedwa usilikali, ndipo ena oyandikira 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga. Ambiri adabwerako atapunduka kapena atafooka ndi matenda. Mbusa John Chilembwe adachiwoneratu chimenechi, pakuti mu Novembala 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akukafera nkhondo ya eni ake, nasiya akazi amasiye ndi ana osowa owasamala.

Ku Britain boma lidachitapo kanthu. M'chaka cha 1919 lidayambitsa dongosolo lotchedwa King's National Roll, lolimbikitsa olemba ntchito kuti mwa antchito 100 aliwonse, asanu akhale asilikali olumala, ndipo maofesi a boma adalemba ambiri ukalaliki. Dongosololi silidawafike asilikali akuda a ku Nyasaland, ngakhale kuti nkhondo idali imodzi.

Kuno, woyenera ukalaliki adali wodziwa kulemba Chingerezi ndi kuwerengera ndalama za msonkho, ndipo anthu otere ankachokera kusukulu za mishoni monga Livingstonia, Blantyre ndi Domasi. Keyala, mbali yake, inkafuna anyamata amphamvu a kumidzi, makamaka Ayao ndi Anyanja a m'maboma a kumwera, amene ambiri sadaponde m'kalasi. Tsono taganizirani za msodzi wa m'dera ngati la Chisi wobwerako wopanda mwendo kapena dzanja. Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo bwato limayendetsedwa munthu ataimirira, akukankha pansi ndi nsungwi yaitali. Wolumala sakadathanso kutsata matemba ndi milamba, koma ntchito yokhala pansi, yomwe ikadamuyenera, inkafuna maphunziro amene iye adalibe.

Ntchito zimene boma linkawapatsa asilikali akale zidali za umesenjala, upolisi, ulonda ndi kuyang'anira akaidi. Bwana Disi ankamukonda mesenjala wochokera ku Keyala chifukwa cha mwambo ndi kumvera. Chodandaulitsa nchakuti ntchito zonsezi zinkalira munthu walunga, wotha kuyenda mitunda kukapereka makalata kwa mafumu, motero amene nkhondo idawapweteka kwambiri ndiwo adatsalira kunja.

Nkhondo Yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, idasinthako zinthu. Asilikali a dziko lino adakamenya ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma, ndipo ulendo uno gulu lankhondo lidasowa oyendetsa galimoto, otumiza mauthenga ndi alembi. Lidayamba kuphunzitsa asilikali kuwerenga ndi kulemba, ena mpaka Chingerezi. Pobwerera kwawo, ena mwa iwowa adalembedwa ukalaliki ndi udalaivala, koma malo adali ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ofuna ntchito. Ku Britain lamulo la 1944 lidakakamiza makampani akuluakulu kusungira anthu olumala malo atatu mwa 100 aliwonse; kuno ambiri adalandira ndalama yotsazikira ndi mendulo, nabwerera kumudzi kukadalira abale. Okalamba ena osowa pogwira adasungidwa m'nyumba zimene zidamangidwa pafupi ndi chipilala cha Keyala ku Zomba.