WOGULITSA MAKALA AMENE ANATSEKULIRA NYIMBO KHOMO

Akuluakulu amati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiŵa. Ku Chilinde, mumzinda wa Lilongwe, wogulitsa makala saŵerengedwa kanthu ndipo akadutsa ndi thumba lake palibe amene amacheuka. Komatu mbiri ya nyimbo imasunga mwaulemu dzina la munthu wa ntchito yomweyi.

Munthuyu ndi Thomas Britton, amene anabadwa m'chaka cha 1644 ku England. Masana ankazungulira m'misewu ya London atasenza thumba la makala, koma akaŵeruka ankaphunzira kuyimba ndi kusonkhanitsa mabuku a nyimbo. Masiku amenewo nyimbo zolembedwa mwaluso zinkamveka makamaka m'matchalitchi ndi m'nyumba za mafumu ndi za anthu olemera. Mmphaŵi ankangozimvera patali.

M'chaka cha 1678 Britton anasandutsa chipinda cha pamwamba pa mosungira makala ake ku Clerkenwell kukhala bwalo la nyimbo. Chipindacho chinali chopanikiza, cha denga lotsika, ndipo pokaloŵamo munthu ankakwera makwerero ovuta a kunja. Lachinayi lililonse kunkasonkhana oyimba zoyimbira za nsambo monga vayolini, imene imakwechedwa ndi kauta ngati kaligo wa kuno kwathu. Ambiri mwa iwo anali ndi ntchito zawo zina ndipo ankangoyimba chifukwa chokonda nyimbo. Poyamba anthu ankaloŵa ulere. Pambuyo pake ankasonkha masheleni 10 pachaka.

M'chipindamo munalinso limba laling'ono lolira ndi mphepo yodutsa m'mipope. Mbiri yakale imasimba kuti mmodzi mwa alendo amene ankadzaliza limbali anali George Frideric Handel, katswiri wochokera ku Germany amene anafika ku London m'chaka cha 1710. Handel yemweyu ndiye anadzatchuka kuyambira mu 1735 ndi nyimbo zimene limba limayankhizana ndi gulu la zansambo. Motero katswiri ndi wophunzira ankakhala mpando umodzi, ndipo olemera ankakwera makwerero a nyumba ya makala kukamvera nyimbo pamodzi ndi anthu wamba.

Misonkhanoyi inachitika kwa zaka 36 kufikira imfa ya Britton mu 1714. Iye sanasiye malonda ake a makala ngakhale dzina lake linamveka mumzinda monse. Lero akatswiri a mbiri amaika misonkhano yake m'gulu la zoyimbayimba zoyambirira zimene anthu wamba ankaloledwa kukamvera.

Phunziro la nkhaniyi silili kutali ndi Chilinde. Ku Area 23, dera loyandikana nalo, bungwe la Music Crossroads linatsekula sukulu ya nyimbo mu 2013, pakati penipeni pa nyumba za anthu wamba. Luso silisankha khomo lobadwira. Chimene limafuna ndi chipinda, ngakhale chopanikiza, ndiponso munthu wolimba mtima woti atsekule chitseko.