Kuimitsa actor mu Akka

Mu Akka, actor ndi kachigawo ka pulogalamu ya kompyuta kamene kamagwira ntchito pakokha, n'kumalumikizana ndi tinzake potumizirana mauthenga basi. Mauthenga ofika amadikira pamzere m'bokosi lake. Ganizoli analiyambitsa ndi Carl Hewitt ndi anzake mu 1973, ndipo Jonas Bonér anayamba kupanga Akka mu 2009.

Actor siichoka yokha ikamaliza ntchito. Imakhalabe ikudya malo m'kompyuta mpaka itaimitsidwa. Mu Akka Classic muli njira zitatu zodziwika, ndipo zimasiyana pa zimene zimachitikira mauthenga otsala.

Ndi lamulo la stop, actor imamaliza uthenga umene ikugwira, koma ena onse apamzere amapita ku dead letters, kumene kumathera mauthenga osafika. PoisonPill ndi uthenga umene umaima pamzere ngati ena, choncho amene anafika kale amayamba agwiridwa. Kill imachititsa actor kulephera dala, ndipo woiyang'anira ndiye amagamula.

Actor ikamaima, imayamba yaimitsa ana ake, kenako imayendetsa postStop kuti itseke mafayilo ndi zina zimene inatsegula. Amene amailondera amalandira uthenga wa Terminated.