Mbiri ya Kuchiza Matenda a Maganizo ndi Magetsi

M'chaka cha 1934, dokotala wina wa ku Budapest, Ladislas Meduna, anayamba kubaya odwala misala mankhwala owagwetsa ngati akhunyu, pokhulupirira kuti kugwako kumachiza. Ena anapezadi bwino, koma mankhwalawo ankadzetsa mantha oopsa munthu asanakomoke. Tsono mu April 1938, mumzinda wa Rome, Ugo Cerletti ndi Lucio Bini anayesa magetsi m'malo mwa jekeseni. Njirayi inafala msanga m'maiko ambiri.

Komatu poyambapo chithandizochi chinali chankhanza. Wodwala ankamuika magetsi ali maso, ndipo thupi linkaphupha mwamphamvu kotero kuti ena ankathyoka mafupa a msana. Madokotala anazindikira kuti chochiza ndi chimene chikuchitika muubongo, osati kuphupha kwa thupi. Motero mu 1940, A. E. Bennett wa ku America anayamba kufooketsa minofu ndi curare, ulembe umene alenje a ku South America ankapaka kumivi. M'zaka za m'ma 1950 ulembewo unasiyidwa, nabwera mankhwala a succinylcholine amene mphamvu yake imatha m'mphindi zochepa, pamodzi ndi mankhwala ogonetsa. Kuthyoka mafupa kunachepa zedi.

Vuto lina linatsala: kuiwala. Kale zitsulo zodutsa magetsi ankaziika mbali zonse ziwiri za mutu. Mu 1958 madokotala a ku Britain, Lancaster ndi anzake, anaonetsa kuti poika mbali imodzi yokha wodwala sasokonezeka kwambiri. Masiku ano amasankha mbali ya kumanja, popeza mwa anthu ambiri kulankhula kumayendetsedwa ndi ubongo wa kumanzere. Makina nawonso anasintha: m'malo mwa magetsi oyenda mosalekeza ngati a m'nyumba, amapereka timagetsi tachidule, todukizadukiza.

Mpaka lero dokotala amayenera kupima. Mbali ziwiri kawirikawiri zimathandiza msanga munthu wovutika maganizo koopsa, amene waleka kudya kapena akufuna kudzipha. Mbali imodzi imateteza chikumbukiro.

Koma pankhani ya njira yakale ija, ya munthu ali maso, maganizo akumana. Mu 2005 bungwe la World Health Organization linati ilekeke, ndipo dziko la India linailetsa ndi lamulo la 2017. Chimene chikuizengereza kutha m'madera ena ndi kusowa kwa akatswiri ogonetsa odwala.